Kutsika Basi pa Ulongwe

Mabasi ochokera ku Lilongwe kupita ku Johannesburg amatulukira pa chipata cha Dedza, nalowa m'dziko la Mozambique pa Calómuè. Lisanathe ola limodzi amafika pa tauni ina ya pamtunda, yozizira, yozunguliridwa ndi minda ya chimanga ndi mbatata ya kachewere. Pa nthawi imeneyi okwera ambiri amakhala akuwerenganso ndalama zimene zatsala m'thumba, ena akusinza, ndipo maganizo a onse amakhala ali patsogolo, pa mlatho wa Zambezi ndi pa chipata cha Nyamapanda. Mukawafunsa pobwerako kuti ku Mozambique anaonako chiyani, amatchula kutentha kwa ku Tete ndi apolisi a pamsewu, basi. Tauni ija saikumbukira n'komwe. Dzina lake ndi Ulongwe, m'Chipwitikizi amalemba Ulónguè, ndipo pa nthawi ya atsamunda inkatchedwa Vila Coutinho. Awerengi a kum'mwera asaisokoneze ndi Ulongwe wa m'boma la Balaka. Uyu ndi wina, likulu la boma la Angónia m'chigawo cha Tete, pafupifupi makilomita 40 kuchokera pa malire.

Masiku ano achinyamata ena a m'mipingo yathu ayamba chizolowezi chimene kale tinkachiona kwa azungu okha, chobereka chikwama kumsana ndi kuyenda milungu ingapo m'maiko a eni, osati kukasaka ganyu kapena kukaoda katundu, koma kukaona dziko. Makolo ena zimawadabwitsa, poti kwa iwo ulendo wopanda maliro, ukwati kapena malonda ndi kuwononga nsapato chabe. Ine sindiona choipa m'chizolowezichi. Koma funso limene achinyamatawa amafunsa kawirikawiri ndi lakuti: kodi malo osatchuka, amene sapezeka m'mabuku a alendo kapena pa foni, munthu amawapeza bwanji? Yankho langa ndi lakuti malo otere sanabisike ayi. Eni dera amawadziwa, amapitako tsiku ndi tsiku, ndipo amamuuza mlendo amene watsika basi, wagona, wapereka moni, nafunsa munthu woyenera m'njira yoyenera. Ulongwe ndi sukulu yabwino yophunzirirapo zimenezi.

Ubwino wake woyamba ndi wakuti ndi kunja kwenikweni, komabe chiyankhulo ndi chathu. Mbendera ndi ina, ndalama ndi zina, zikwangwani ndi zolembedwa m'Chipwitikizi, wapolisi wavala yunifolomu yachilendo, koma mayi wogulitsa nyemba akukuyankhani m'Chichewa chomwe munayamwira, chimene kumeneko amachitcha Chinyanja. Munthu amene akufuna kudzafika ku Beira, ku Dar es Salaam kapena kutali kuposa apo, ayambe waphunzira kukhala mlendo pamalo pamene angathe kumva zimene akunenedwa za iye.

Pa chipata yesetsani kufika m'mawa. Tengani pasipoti, chifukwa chiphaso cha pepala chimene amagwiritsa ntchito anthu okhala m'mbali mwa malire sichiyenera ulendo wautali. Mmalawi safunika viza pa ulendo waufupi, koma masiku amene amapatsidwa amakhala owerengeka, kawirikawiri 30, ndipo ndi bwino kuyang'ana chidindo musanachoke pa windo, kuti mudziwe tsiku limene muyenera kutuluka. Pano ndichenjeze mwamphamvu. Malire a dera lino ndi osavuta kuwoloka. Kuchokera ku Dedza mpaka kufupi ndi Ntcheu msewu wa M1 umayenda m'malire mwenimweni, kotero kuti pa Lizulu munthu amagula kabichi ku Malawi nakagula anyezi ku Mozambique pongodumpha msewu. Chifukwa cha ichi pamapezeka anyamata okuuzani kuti akudutsitsani njira yachidule pa mtengo wochepa. Akaneni. Wolowa popanda chidindo sangapemphe thandizo kwa aliyense akagwa m'mavuto, ndipo amakhala nyama ya aliyense wovala yunifolomu. Pasipotiyo muziyenda nayo pathupi nthawi zonse, mu kathumba ka pulasitiki, pakuti ku Mozambique wapolisi angathe kukufunsani zikalata ngakhale muli pa msika. Musajambule apolisi, asilikali, maofesi a boma kapena milatho.

Osintha ndalama amakuzingani musanatsike n'komwe. Sinthani zochepa, zokwanira ulendo ndi chakudya cha tsiku limenelo, ndipo muwerenge nokha, m'manja mwanu, musanapereke makwacha anu. Ndalama ya kumeneko ndi metical. M'chaka cha 2006 boma linachotsa maziro atatu pa ndalamayi, kotero kuti 1,000 yakale inasanduka metical imodzi. Koma mawu akale akuti conto sanafe, ndipo mukawamva pa msika funsani bwino kuti akutanthauza zingati. Apa ndi pamene mlendo amazindikira kuti Chinyanja cha ku Angónia chili ndi msampha wake: nkhani yonse imakambidwa m'chiyankhulo chathu, koma ikafika pa mtengo, pa nthawi ndi pa tsiku, manambala amatuluka m'Chipwitikizi. Dez ndi 10, vinte ndi 20, cinquenta ndi 50, cem ndi 100. Lowezani zimenezi musananyamuke. Minibasi amaitcha chapa, nyumba yogona alendo ndi pensão, buledi ndi pão, munda ena amati machamba. Musaope kwambiri, pakuti Chipwitikizi munayamba kuyankhula kale osadziwa: nsapato, kalata, chipewa, mbatata ndi kapitawo ndi mawu amene anatifika kuchokera kwa Apwitikizi a m'chigwa cha Zambezi zaka mazana zapitazo.

Tauni ya Ulongwe payokha ilibe chodabwitsa chimene munthu angachijambule n'kukaonetsa kwawo. Ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,300 kuchokera pa nyanja yamchere, ili ndi nyumba zina zakale za Apwitikizi, masitolo, mabanki, msika waukulu, ndi nthambi ya zaulimi ya yunivesite ya UniZambeze. Inapatsidwa khonsolo yakeyake m'chaka cha 2008. Wofulumira angaimalize m'maola awiri nanena kuti kulibe kanthu. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Lamulo limene ndimalipereka kwa aliyense woyenda ulendo wautali ndi lakuti pamalo pamene wasankha kutsika agone masiku osachepera atatu. Tsiku loyamba anthu amakuyang'ana, lachiwiri amakupatsa moni, lachitatu amayamba kukuuza zinthu.

Ndipo si aliyense amene muyenera kumufunsa. Anyamata oitanira pa depoti amadziwa kumene galimoto yawo ikupita, ndipo kwa iwo malo abwino ndi okhawo amene galimotoyo ikupita. Mwini pensão amadziwa tauni. Koma amene amadziwa dziko ndi amayi ogulitsa ndiwo, chifukwa amadziwa mudzi umene chinthu chilichonse chachokera ndi tsiku limene msika uliwonse umakumana; anyamata a njinga zamoto, chifukwa amadziwa mlatho umene unakokoloka ndi mvula yapitayi; ndiponso aphunzitsi opuma ndi akulu a mpingo, chifukwa amadziwa mbiri. Kafunsidwe kakenso n'kofunika. Mukafunsa kuti, "Kodi kuno kuli malo okongola?" adzakuuzani za ku Tete kapena ku Maputo, poganiza kuti mlendo amafuna nyumba zosanjikizana. Ine ndinakhala pansi pafupi ndi mayi wina wogulitsa nyemba, titalonjerana bwinobwino, ndinati, "Mayi, nyemba zokoma chonchi amalima kuti?" Iwo anati, "Bambo, izi n'za ku Domwe. Simunafikeko? Aa, ndiye kuti Angónia simunamuone." Kuchokera pa nyembazo tinafika pa tsiku la msika, pa mtengo woyenera wa njinga yamoto, ndi pa dzina la mudzi umene munthu amayambira kukwera phiri. Funsani kumene chakudya chimachokera, kumene makolo anaikidwa, kumene anthu anathawira pa nkhondo, kumene tchalitchi loyamba linamangidwa. Mafunso otere ndi amene amatsegula njira.

Kwa ife a mipingo ya chikonzedwe pali khomo lina limene mlendo wa ku Ulaya alibe, ndipo ndi lomvetsa chisoni kuti achinyamata athu ambiri salidziwa. M'chaka cha 1909 mbusa A.G. Murray wa mpingo wa Dutch Reformed, amene ankatumikira ku Mlanda m'boma la Ntcheu, anawoloka malire nakatsegula mishoni ya Mphatso m'dziko la Angoni a mbali ya Apwitikizi. Ntchito inakula, masukulu anatsegulidwa, ndipo malo ena anawonjezeka. Koma boma la Apwitikizi silinakondwere ndi amishoni osakhala Akatolika, oyankhula zilankhulo zina, ndipo m'chaka cha 1922 mishoni inatsekedwa, amishoni nachoka. Chaka chomwecho ndi chimene Buku Lopatulika lathunthu linatuluka m'Chinyanja. Taganizani: pamene Akhristu a ku Nkhoma, ku Mvera ndi ku Kongwe ankalandira Baibulo lonse m'chiyankhulo chawo, abale awo a tsidya lino la msewu ankatsala opanda mbusa.

Anakhala choncho pafupifupi zaka 50. Akulu a mpingo ndi alaliki wamba ndi amene anasunga moto. Ofuna ubatizo, Mgonero kapena kudalitsa ukwati ankayenda pansi kupita ku mipingo ya Sinodi ya Nkhoma ya m'malire, nabwerera kwawo mwakachetechete. Pangano la 1940 pakati pa dziko la Portugal ndi likulu la Akatolika ku Roma linaika maphunziro a ana a anthu akuda m'manja mwa mishoni za Katolika, ndipo zinthu zinawavutirabe. Mpingo umene unatuluka m'masautso amenewo lero umatchedwa Igreja Reformada em Moçambique, ndipo sinodi yake ya m'chigawo cha Tete inasunga dzina lakale lija la Mphatso. Pa Ulongwe pomwepo pali sukulu yake ya zaubusa yotchedwa Hefsiba, imene inayamba kuphunzitsa pamalopa m'chaka cha 1994, nkhondo itangotha. Maphunziro amachitika m'Chipwitikizi, koma Lamulungu m'matchalitchi a m'midzi mudzamva nyimbo zomwe mumaimba kwanu, ndipo simudzasowa wokubwerekani buku.

Choncho musananyamuke pemphani kalata kwa abusa anu kapena kwa mlembi wa mpingo, yonena dzina lanu, mpingo wanu ndi cholinga cha ulendo, yokhala ndi chidindo. Kalatayi ndi yopepuka kuposa china chilichonse m'chikwama, koma imagwira ntchito yaikulu. Mukafika, kaonekereni kwa abusa kapena kwa mkulu wa mpingo, mupereke kalatayo ndi manja awiri. Iwo ndi amene angakuuzeni njira ya kumene kunali mishoni zakale, angakupezereni mnyamata wokuperekezani, ndipo angatumize uthenga ku mpingo wa patsogolo kuti kukubwera mlendo. Mwa njira imeneyi munthu amayenda kuchoka m'manja mwa wina kupita m'manja mwa wina, monga ankayendera makolo athu. Koma ndinene poyera kuti kalata si tikiti yodyera zaulere. Mabanja a kumeneko ndi alimi monga athu, ndipo mlendo akafika amamuphera nkhuku imene akanaigulitsa. Tengani shuga, sopo, mchere kapena nsalu ya mayi wa pakhomo, thandizani kutunga madzi kapena kukonola chimanga, ndipo musakhalitse. Mlendo ndi mame. Amene amadya n'kuchoka osatsanzika amatsekera khomo mnzake wa m'mbuyo, ndipo mpingo umene unadinda kalata ndi umene umanenedwa.

Tsopano tipite ku Domwe, kumene mayi wa nyemba uja anatitumiza. Phiri la Domwe, m'Chipwitikizi Dómuè, ndi lalitali mamita opitirira 2,000, ndipo limaoneka patali pamwamba pa chidikha cha minda. Msewu wake ndi umene umapitirira kuloza ku Furancungo m'boma la Macanga. M'njira mumakumana ndi ngolo za ng'ombe zodzaza chimanga, soya ndi mbatata, ndi zigafa za fodya, pakuti dera lino ndi nkhokwe ya chigawo chonse cha Tete. Koma chimene chimapangitsa phirili kukhala loyenera ulendo si kutalika kwake. Pano ndi pamene Angoni a Maseko anakhazikika atabwerera kuchokera ku Songea, m'dziko limene lero ndi Tanzania, cha m'ma 1870, motsogozedwa ndi Chidyaonga. Pambuyo pake ufumu unapita kwa Chikusi, ndipo kuchokera kuno mphamvu ya Angoni inamveka mpaka ku chigwa cha Shire. Dzina lakuti Angónia limachokera kwa iwo. M'chaka cha 1891 Angerezi ndi Apwitikizi anagwirizana za malire, nadula dziko la Chikusi pakati potsata mitunda yogawa madzi: mitsinje yotsikira ku nyanja ndi ku Shire inapita kwa Angerezi, yotsikira ku Zambezi kwa Apwitikizi. Gomani, mwana wa Chikusi, anaphedwa ndi Angerezi m'chaka cha 1896. Lero ufumu wa Gomani uli ku Ntcheu, ndipo mbali ya Mozambique kuli ufumu wa Zintambira, koma ziwongo ndi zomwezo, ngoma ndi yomweyo, ndipo maliro amayenderana. Mngoni wa ku Ntcheu kapena ku Dedza amene amaimba za Domwe koma sanaponde pansi pake ali ndi ngongole kwa makolo ake, ndipo ngongoleyo ingabwezedwe ndi ndalama yochepa kuposa ya ulendo wa ku Blantyre.

Musakwere phirili nokha, ndipo musalikwere musanaonekere kwa mfumu ya mudzi wa m'tsinde. Kumeneko mfumu amaitchanso régulo, ndipo m'madera ena mulinso mlembi wa dera amene boma limamuzindikira. Fikani ndi wokuperekezani, khalani pansi, vulani chipewa, nenani kumene mwachokera ndi chimene mukufuna, ndipo musaiwale kangachepe m'manja. Ena amaona ngati uku n'kutaya nthawi. Komatu munthu wachilendo woyendayenda m'mapiri a m'malire ndi chikwama ndi foni yojambulira amaganiziridwa zambiri, za miyala ya mtengo wapatali, za ng'ombe zobedwa, za ukazitape. Pamene amene wadziwika kwa mfumu amakhala mlendo wa mudzi wonse. Mfumu ndi imene ingakuuzeninso kumene simuyenera kuponda. Achewa a kuno amasunga Gule Wamkulu mwamphamvu, ndipo pamene bungwe la UNESCO linalemekeza guleyu m'chaka cha 2005 linatchula maiko atatu pamodzi: Malawi, Mozambique ndi Zambia. Kaya inu mumaganiza zotani za gule monga Mkhristu, kankhalango kowirira pakati pa minda yolimidwa ndi manda kapena dambwe, ndipo si malo opumulirapo kapena otolapo nkhuni. Safunsa anadya phula.

Tikamakamba za masautso a mpingo wathu tisaganize kuti Akatolika a dera lino sanakhetse misozi. Mishoni yawo ya Lifidzi inatsegulidwa ndi ansembe a chipani cha Jesuit pa nthawi yomwe Mphatso inkayamba, ndipo ina ya Fonte Boa, m'boma la Tsangano, inadza m'chaka cha 1945. Dziko litalandira ufulu m'chaka cha 1975 boma linalanda masukulu ndi zipatala za mishoni, kenaka nkhondo ya pachiweniweni inafika. Pa 30 Okutobala 1985 ansembe awiri, João de Deus Kamtedza, mwana wa dera lomweli, ndi Sílvio Alves Moreira wa ku Portugal, anatengedwa usiku pa Chapotera, kufupi ndi Lifidzi, naphedwa. Anthu amapitabe pamalopo kukawakumbukira. Sindiona chifukwa chimene Mprotestanti angadutsire pamenepo osaima.

Nkhondo imeneyo, ya pakati pa Frelimo ndi Renamo, inatha ndi pangano losainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Pa nthawi yake anthu oposa miliyoni imodzi anathawira ku Malawi, ndipo ambiri a ku Angónia anakhala ku Dedza ndi ku Ntcheu, ena m'misasa, ena m'midzi ya abale awo. Ichi ndi chifukwa chake mukatchula kwanu, bambo wa zaka 45 angakuuzeni sukulu ya pulayimale imene anaphunzirako ku Malawi, nakufunsani ngati mphunzitsi wakutiwakuti akadali moyo. Ambiri amakumbukira kuti tinawalandira, ndipo chifundo chimene mlendo wa Chimalawi amalandira kuno ndi mbali ya malipiro a zimene makolo athu anachita. Koma nkhani za nkhondo musazikumbe. Mudzi umodzi ungakhale ndi amene anali mbali iyi ndi amene anali mbali inayo, ndipo onse amakhala pa benchi imodzi m'tchalitchi. Akayamba okha, mverani. Za ndale za lero musalowererepo. Mabomba okwirira, amene kale ankaopsa aliyense wosiya msewu, boma linalengeza m'chaka cha 2015 kuti achotsedwa m'malo onse amene ankadziwika. Nkhondo ya ku Cabo Delgado, imene inayamba m'chaka cha 2017, ili kutali kwambiri ndi kuno. Komabe zipolowe zimene zinatsatira chisankho cha Okutobala 2024 zinatseka misewu m'madera ambiri a dzikolo, choncho wanzeru amafunsa za bata la njira asananyamuke, ndipo sakonza ulendo pa nyengo ya chisankho.

Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, pamene misewu ya fumbi yauma ndipo anthu akolola, ali ndi mpata wocheza. Koma kumazizira ngati pa Dedza, mwinanso kuposa, ndipo wonyamula malaya opyapyala poganiza kuti Mozambique yense ndi wotentha adzagona atakumbatira mawondo. Bulangete lopepuka, juzi, nsapato zimene mwaziyendera kale, tochi, botolo la madzi, mankhwala othira m'madzi akumwa ndi masikito ndi zokwanira. Chikwama chikalemera kuposa chimene mungayende nacho maola atatu osapuma, chotsanimo zina. Gulani kakhadi ka foni ka kumeneko. M'midzi Movitel ndi imene imagwira bwino, ndipo ndalama zingasungidwe pa foni kudzera pa e-Mola, kapena pa M-Pesa ya Vodacom, m'malo mozinyamula zonse m'thumba. Atsikana ayende awiri kapena atatu, avale chitenje polowa m'mudzi, ndipo afikire kwa amayi a chigwirizano. Aliyense asiye kwa abale ake ndondomeko ya ulendo, ndipo aziimba foni pa masiku ogwirizana.

Kuchoka pa Ulongwe kulowera kum'mwera, msewu umadutsa m'boma la Tsangano, dziko la tirigu, mbatata ndi mapichesi, kumene mbali ya Malawi ilinso ndi Tsangano wake. Amene ali ndi masiku apatuke pano, pakuti mapiri ake ndi okongola ndipo alendo safikako. Kenaka msewu umayamba kutsika. Mitengo imasintha, mphepo imafunda, juzi ija imavulidwa, ndipo pa Mussacama mumakumana ndi msewu waukulu wochokera ku Mwanza ndi Zóbuè. Pamalo amenewa, m'mwezi wa Malichi 2020, anthu 64 ochokera ku Ethiopia anapezeka atafa chifukwa chosowa mpweya m'kontena ya lole imene inachokera ku Malawi. Anali paulendo wa ku South Africa, obisidwa ndi anthu amene anawalonjeza njira yachidule. Wachinyamata aliyense wodutsa apa ndi pasipoti yodindidwa m'thumba akumbukire kuti msewu womwewu ena amauyenda mumdima.

Patsogolo pali Moatize wa malasha, kenaka Tete, kumene milambe imalowa m'malo mwa chimanga, Chinyungwe m'malo mwa Chinyanja, ndipo m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Masikito aja ayamba kugwira ntchito pano. Mzindawu uli ndi milatho iwiri pa Zambezi, wakale wa Samora Machel ndi wa Kassuende umene unatsegulidwa m'chaka cha 2014. Kumtunda kwa mtsinje kuli mishoni yakale ya Boroma, ndipo kupitirira apo kuli Songo ndi damu la Cahora Bassa limene linamalizidwa m'chaka cha 1974. Awa ndi malo otchuka, ndipo za iwo ena analemba kale.

Pobwerera sikofunika kutsata mapazi anu. Kuchokera ku Tete pali msewu wolowera kumpoto, wodutsa m'boma la Chifunde mpaka pa chipata cha Cassacatiza, chimene mbali ya Zambia chimatchedwa Chanida. Ili ndi dziko lakale la Undi. Likulu lake la Mano linali mbali ino ya Mozambique, ufumuwo usanasamukire ku Zambia m'zaka za m'ma 1930. Magalimoto a anthu m'njira imeneyi ndi ochepa, ndipo ambiri amanyamuka m'bandakucha, choncho kafunseni pa depoti dzulo lake. Mukawoloka mumafika ku Katete, ndipo amene wawerengera bwino masiku ake adzapeza mwambo wa Kulamba ku Mkaika kumapeto kwa Ogasiti, kumene mafumu a Achewa a maiko atatu amakaonekera kwa Kalonga Gawa Undi, ena mwa iwo ochokera m'midzi yomwe munagonamo. Kuchokera ku Katete ndi Chipata, kenaka chipata cha Mwami ndi Mchinji. Ulendo wonse, woyenda mosathamanga, umatenga milungu itatu kapena inayi, ndipo masiku 30 a chidindo cha pa Calómuè amakwanira ngati munthu sanakhalitse ku Domwe.